Mwana Wanga Ali M'chipululu

Moni kwa inu, abale ndi alongo amene mwatsegula tsamba lino. Ayamikike Mulungu amene watidzutsa amoyo, natisungiranso ena mwa makolo athu kufikira lero. Zikomo pobwera kudzamva za khomo lina, la anthu opemphera ngati ife tomwe.

"Valani nsapato zanuzo," anatero mkazi wa Chigoneka, thireyi ya tiyi ili m'manja. "Munthu wamkulu kumayenda monyang'ama m'nyumba mwanu momwe ngati wakuba? Valani, mulowe mukawapatse moni bambo anu."

Chigoneka anaima m'kanjira ka pakati pa zipinda, nsapato zili m'manja, chala chili pakamwa.

"Tsitsani mawu, mayi. Atimva."

"Atimve kumene! Mukudziwa zimene andifunsa m'mawa uno? Akuti, 'Kodi mwamuna wakoyo wawoloka mtsinje uja? Mvula ikagwa kumtunda akhala tsidya lomwelo mpaka chaka chamawa.' Ine ndiyankhe chiyani? Ndinene kuti wawoloka, ali kubafa akutsuka m'kamwa?"

Chigoneka anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pansipansi, kuopa kumveka.

"Mukanangowauza kuti ndawoloka bwino."

"Bodzalo muzikanena nokha. Ine pakamwa pangapa ndimalandirira Mgonero."

"Si bodza, mayi. Ndi mutu wawo umene ukusokoneza zinthu. Ine ndinawauza liti kuti ndili paulendo?"

"Nanga munawauza liti kuti mulipo?"

Chigoneka anatembenuka. Anaika nsapato pakhomo la chipinda chake chogwiriramo ntchito, nalowa, n'kutseka chitseko mosamala kuti chisalire.

Dzina loti Chigoneka anamupatsa anzake a m'kwaya, chifukwa tsiku limene iye ankawerenga Mawu kutchalitchi, ngakhale woimba limba ankagwetsa mutu. Zimene ankamuseka nazozo ndi zomwe zinadzakhala ntchito yake. Ankatenga mabuku a alendo akalekale, a nthawi imene kunalibe galimoto kapena sitima ya moto: amalonda oyenda pa ngamila, ansembe opita wapansi kumalo oyera, amithenga otumidwa kwa mafumu akutali. Ankawerenga mofatsa, mawu atawatsitsa, akudzijambula, kenako n'kuika pa intaneti. Anthu osowa tulo, m'mizinda imene iye sanapondemo, ankatsegula mafoni awo n'kumamvera mpaka zikope zitalemera. Ankamuthokoza kwambiri: amasiye, odwala, anamwino obwera kuntchito atatopa koma tulo osabwera. Banja linkadya ndi mawu omwewo.

Koma ntchito yotere imafuna bata, ndipo m'nyumbamo munali a Dalaivala.

Bambo ake a Chigoneka anayendetsa lole moyo wawo wonse, n'chifukwa chake msewu wonse unkangowatchula ndi dzina la ntchitoyo. Tsopano maso anali atachita ng'ala, ndipo mutu unali utayamba kutaya zinthu m'njira. Ankatsokomola, ankaitana, ankayambitsa nyimbo ya kutchalitchi mwana wawo ali pakati pa chiganizo. Chipinda chawo ndicho chinali kutali ndi phokoso la kumsewu. Choncho Chigoneka anawasamutsira m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, momwe kale munkakhala mabotolo ndi mipando yothyoka, ndipo chipinda chawo chija anachikuta mabulangete m'makoma kuti mawu asamabwerere. Ena mwa mabulangetewo anali a mkuluyo. Kuti asamaitaneitane, anawaikira foni yakale pa pilo, yodzaza ndi mawu ake.

"Anthu akutali amachita kundilakalaka," ankatero kwa mkazi wake. "Bambo ali nane m'khutu tsiku lonse. Akusowanso chiyani?"

Koma mabukuwo analembedwa ndi eni ulendo, ndiye chiganizo chilichonse chinali chakuti "ndinafika", "ndinagona", "tinanyamuka". A Dalaivala ankamva mawu a mwana wawo akunena za mapiri ndi madoko, koma dzanja lake sankaligwira, ndipo mapazi ake pakhomo pawo sankawamva. Anangoika zinthu pamodzi monga akanachitira kholo lililonse: mwana ali paulendo, ndipo akuimba foni.

Chigoneka atamva zimenezi koyamba, zinamuwawa. Kenako anaona kuti kuitana kuja kwatha, poti munthu suitana amene ali kutsidya kwa nyanja. M'nyumba munagwa bata limene ankalifuna. Mawa lake ndi pamene anayamba kuvula nsapato.

Patapita masabata angapo, Lamulungu masana, kunabwera mkulu wa mpingo kudzaona odwala. Anali bambo wojintcha, wa mawu osadziwa kunong'ona. Chigoneka anamuonera pawindo, nathawira m'chipinda cha mabulangete, chitseko n'kuchisiya chotsekula pang'ono kuti azisuzumira.

"A Dalaivala! Muli bwanji m'thupimo?"

"Thupi langali ndi lole yakale, akulu ampingo, imalira akaikankha," anayankha a Dalaivala. "Za ine zisiyeni. Mundipempherere mwana wanga."

"Watani mwana wanu? Si uyu ndamuona m'mawa womwe uno ku..."

"Ali kutali. Anapita ndi amalonda a mchere. Mwana wabwino, amandiimbira tsiku lililonse, kundifotokozera zonse, za misika, za mabelu a m'khosi mwa ngamila. Koma ndikamufunsa kanthu sayankha. Ndimati, 'Wadya?' iye amangopitiriza. Ndimati, 'Usamayende dzuwa lili pamutu,' iye osamva. Kaya mafoni a kumeneko amamveka mbali imodzi."

Mkulu wa mpingo anatembenuka kuyang'ana mkazi wa Chigoneka, amene anaima pakhomo la kachipindako.  Mayiyo anangoponya maso m'kanjira muja, pomwe panali nsapato ziwiri zitagundana bwinobwino pakhomo lotsekula pang'ono. Mkulu wa mpingoyo anaona nsapatozo, naonanso diso limene linali pampata wa chitseko.

"Tiyeni tipemphere," anatero, ndipo mawu anawakweza kuposa masiku onse. "Atate wakumwamba, Inu mukudziwa pomwe pali mwana wa bambo awa. Kwa Inu kulibe chitseko, kulibe bulangete. Ngati ali kutali, mufupikitseni. Ngati ali pafupi, Ambuye, mufupikitsenibe, pakuti mtunda wina suyezedwa ndi mapazi. Mubwezeni kwa atate wake maso awa asanatsekeke, ndi makutu awa asanaleke kudikira."

"Ameni!" anafuula a Dalaivala, nayambitsa nyimbo ya oyenda ulendo wopita kwawo, mawu akunjenjemera. Mpongozi wawo anawalandira, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

Potuluka, mkulu wa mpingo anaima pafupi ndi nsapato zija, nazikankha pang'ono ndi phazi.

"Mayi," anatero, nkhope ataloza kuchitseko, "mlendoyo akafika, mumuuze kuti nsapato zake zikumudikira."

Chigoneka anakhala pampando wake. Anayesa kupemphera koma analephera. Madzulo a tsikulo, akudya, ananong'oneza mkazi wake kuti, "Ndilowa. Ndingomaliza buku limeneli."

"Munateronso ndi buku la wansembe uja."

"Nanga ndikanena chiyani, mayi? Kuti nthawi yonseyi ndinali kuseri kwa khoma? Tsiku lililonse likadutsa, chitseko chija chikulemererabe."

"Chimalemera kwa inu. Ine ndimachitsegula ndi chigongono, m'manja muli beseni." Anaika supuni pansi. "Amuna anga, ine sindikudandaula za kuwasambitsa. Anandilandira ngati mwana wawo, ndiwasamala mpaka tsiku lawo. Koma ine si amene akumudikira. Ndipo ndikuuzeni, mankhwala anu ogonetsa dziko lonsewo kwa bambo anu sakugwira. Masiku ano maso amangokhala gwa, khutu lili pa foni."

Chigoneka anamva mawuwo, koma sanawalowetse mumtima. Akanawalowetsa, akanakumbukira kachitidwe kake pa ntchitoyo. Iye ankadziwa kuti omvera ake safika kumapeto. Chigawo chilichonse ankachiyamba ndi zofewa, mphepo ya m'mawa, mitengo ya zipatso, fungo la buledi m'nyumba ya alendo. Zowawa za ulendo, achifwamba, matenda, njala, ankazisiya kuti zigwere kumapeto, anthu atagona kale. "Kumapetoko ndimawerengera makoma," ankatero monyadira. Sabata imeneyo anali atajambula chigawo cha m'chipululu, nachidulira pamene amalonda aja madzi anawathera, poganiza kuti palibe khutu limene lidzafike pamenepo. Monga mwa chizolowezi, analowetsa chigawocho m'foni ija, napatsira mkazi wake kuti akaibwezere pa pilo.

Tsiku lina m'mawa mayi uja anavala zopitira kuchipatala kukatenga mapiritsi a apongozi ake.

"Ndawasambitsa, adya," anatero. "Pamzere paja sindidziwa kuti ndichoka nthawi yanji. Inu muziwasuzumira. Kusuzumira mumatha, ndinakuonani."

Atangotuluka, Chigoneka analowa m'mabulangete mwake, navala mahedifoni. Chigawo cha tsikulo chinali chokoma. Amalonda aja anapulumuka: ngamila yokalamba inanunkhiza madzi, niwatsogolera kuchitsime chobisika pakati pa miyala. Anawerenga mofatsa, akubwereza pomwe lilime lapunthwa, mpaka anakhutira. Pamene ankavula mahedifoni, dzuwa linali litafika pamutu.

Atatuluka anamva madzi akutayika. Mpopi wa m'khitchini unali wotsegula, pansi ponse pali nyowe, ndipo chitseko cha kuseri chinali chosatseka. Anatseka mpopiwo, naima pakhomo la kachipinda kaja. Kwa nthawi yoyamba chisamutsireni bambo ake, analowa.

Pabedi panalibe munthu. Panali kabulangete kamodzi kopyapyala, ndi jekete imene mkuluyo ankafunda kumapazi. Khoma la kumutu linali lakuda ndi chinyezi. Pa pilo foni inali ikulankhulabe, ndipo Chigoneka anamva mawu ake omwe, ofatsa, okoma, opanda changu:

"Titafika pachitsime tinapeza mchenga wokhawokha. Matumba athu achikopa anali atauma ngati makungwa. Ndinagona mumthunzi wa ngamila yanga, lilime litatupa, ndipo sindinadziwe ngati ndidzaonanso khomo la bambo anga."

Mawuwo anathera pomwepo. Foni inakhala chete pang'ono, kenako inayambiranso chigawo chomwecho.

Anagwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Kumeneko kunkakhala chigubu chachikasu chimene a Dalaivala ankayenda nacho mu lole zaka zonse, ndipo anakana kuti chitayidwe. Chinalibepo.

Chigoneka anathamanga. Nsapato zinatsala pakhomo pomwe zinkakhala.

Pakona ya msewu wawo panali telala amene ankasokera pakhonde la sitolo.

"A Chigoneka! Lero mwadzuka? Mpaka liwiro?"

"Bambo anga! Mwawaona?"

"Adutsa kalekale, akupapasa mpanda, chigubu akuchikoka. Andifunsa njira ya kuchipululu. Ine ndawauza kuti chipululu chili m'sitolo muno, makasitomala anatha." Telala anasiya kupalasa makina ataona nkhope ya mnzakeyo. "Ine ndimayesa nthabwala, achimwene. Alowera kumsewu waukulu."

Phula linali lotentha ngati chiwaya. Chigoneka anathamanga osamva kuti mapazi akupsa, akuitana dzina la Ambuye pa mpweya uliwonse. Ankaona m'maganizo mwake malole a pamsewu waukulu uja, amene saima ngakhale pa munthu wopenya.

Anawapeza pafupi ndi pokwerera basi, atakhala m'mphepete mwa ngalande, magalimoto akudutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake inkakupiza malaya awo. Bondo limodzi linali litasupuka, magazi atauma kale. Milomo inali yoyera ndi ludzu. Chigubu anachikumbatira pachifuwa, chodzaza, chotseka bwino.

"Bambo! Bambo! Mukutani kuno? Mukufuna kufa? Tiyeni kunyumba!"

Anawagwira mkono, koma mkuluyo anaukoka, nakumbatira chigubu mwamphamvu.

"Pepani, bambo, ndinu ndani? Madziwa si ogulitsa."

"Ndine mwana wanu!"

"Ayi," anatero a Dalaivala mwaulemu. "Mwana wanga sakalipa. Amalankhula pang'onopang'ono. Ndiponso ali kutali, m'chipululu, madzi amuthera. Wandiuza kambirimbiri, ndiye kuti zafika poipa. Ngati muli ndi galimoto, ndithandizeni. Njira ndikuuzani ndine, ndinali dalaivala."

"Imwaniko pang'ono, milomo yanu yauma."

"Ndikamwa ine, iye akamwa chiyani?"

Anthu odikira basi anali atayamba kuyandikira. Chigoneka sanawaone. Anagwada pafumbi, nayandikiza pakamwa pake kukhutu la bambo ake. Anameza malovu, napuma monga ankapumira asanayatse maikolofoni, natsitsa mawu. Za m'buku anazisiya.

"Tsiku lotsatira," anatero mofatsa, "dzuwa lili pamutu, ndinadzuka ndi kuyenda. Ndinaona munthu atakhala m'mbali mwa njira, atanyamula chigubu chachikasu. Nditayandikira, ndinaona kuti ndi bambo anga."

Mutu wa mkuluyo unatembenuka pang'onopang'ono. Dzanja linachoka pa chigubu, linafufuza m'mwamba, linapeza tsaya, mphuno, khutu.

"Ndiwe?"

"Ndine, bambo."

"Wayankha!" Anaseka, misozi ikutsika m'makwinya. "Wayankha, mwana wanga! Ambuye ngwabwino. Imwa, imwa msanga. Pang'onopang'ono, ungatsamwe."

Zala zawo zinalimbana ndi chitsekerero mpaka chinatseguka. Chigoneka anamwa. Madziwo anali ofunda, onunkha dizilo wakalekale. Atatha anagwirizira chigubu pamilomo ya bambo ake, ndipo apo ndi pamene iwo anavomera kumwa.

"Bambo," anatero, mawu akuthyoka, "ine sindinapite kulikonse. Nthawi yonseyi ndinali m'nyumba momwemo, m'chipinda chanu chija. Ndinkadutsa pakhomo panu tsiku ndi tsiku. Ndakuchimwirani, bambo. Ndikhululukireni."

A Dalaivala anapukusa mutu mwachifundo. Dzanja lawo linatsika kuchoka paphewa, linafika pabondo, mpaka linakhudza phazi. Linapapasa matuza amene phula linawotcha, ena ataphulika kale.

"Usalankhule zambiri, ludzu limasokoneza mutu. Taona mapazi akowa. Wayenda mchenga wonse uja wopanda nsapato, mwana wanga, kuti udzandione ine. Ndikukhululukire chiyani?"

Chigoneka anafuna kubwereza, kuwalumbirira, kuitana telala kuti achitire umboni. Koma anaona kuti khomo lolowera mawu amenewo linali litatsekeka kale m'mutu mwa bambo ake, ndipo linatsekeka iye akuyenda monyang'ama panja pake. Chikhululukiro chimene ankachipempha panalibenso woti amupatse pansi pano. Anawabereka kumsana, chigubu chili m'manja, nayamba kubwerera. Tsopano phula analimva, phazi lililonse.

Mkazi wake pobwera kuchipatala anapeza mabulangete atachoka m'makoma, atayanikidwa pachingwe. Maikolofoni ndi kompyuta zinali m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. A Dalaivala anali pabedi m'chipinda chawo chakale, bondo lomangidwa, ndipo mwamuna wake anakhala pambali pawo, mapazi ali m'beseni la madzi.

"Mayi, wabwera!" anatero mkuluyo atamva mapazi a mpongozi wawo. "Mwamuna wako wabwera! Umuphikire, waonda."

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana mapazi aja, nayang'ananso bondo lomangidwalo. Zambiri anazimva osauzidwa.

"Ndamuona, bambo," anatero. "Tithokoze Mulungu. Ulendowu unatalika."

Dzuwa likupendeka, a Dalaivala anapempha kuti amve mmene ulendowo unathera. Chigoneka anatsegula buku, nayamba kuwerenga za ngamila yokalamba ndi chitsime cha pakati pa miyala. Bambo ake anamugwira dzanja.

"Ngamilayo inali ya ndani?"

"Ya wamalonda wina, bambo."

"Munaithokoza?"

"Tinaithokoza."

"Wachita bwino."  "Sukupitanso?"

"Sindikupitanso."

Asanamalize tsamba, mkuluyo anali atagona tulo tofa nato, kukamwa kuli yasa, tulo timene sanatione kwa masabata. Chigoneka anayesa kusolola dzanja lake kuti atseke buku, koma zala zokalambazo zinafinya, ngakhale m'tulo momwemo. Anasiya buku lili chotsegula pamwendo, nakhala pomwepo.

Mpaka lero a Dalaivala amauza aliyense wobwera kudzawaona kuti ali ndi mwana amene anadutsa chipululu wapansi chifukwa cha iwo. Chigoneka akamva amaweramitsa mutu, ndipo mkulu wa mpingo amayang'ana kudenga. Ntchito yake akuigwirabe, m'kachipinda kachinyezi kaja, ndipo nthawi zina omvera ake amamva chifuwa cha munthu wokalamba chapatali, kapena nyimbo ya kutchalitchi yoyambira pakati. Sazichotsanso. M'nyumbamo amayenda atavala nsapato, ndipo amaponda mwamphamvu.

Ambuye akudalitseni, inu owerenga, ndi kukusungani pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Akupatseni tulo tabwino, ndiponso makutu akumva amene akukuitanani kuseri kwa khoma, nthawi ikadalipo. Mtendere wake ukhale nanu. Ameni.